Tisamaike maliro tisanadziwe chimene chapha munthu

Pa 9 Januwale 2015, anthu a ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anamwa mowa wofulula pakhomo pochokera ku maliro. Usiku womwewo ena anayamba kusanza, kutsegula m'mimba ndi kukomoka. Pomwe masiku angapo amatha, anthu 75 anali atamwalira, enanso oposa 150 akudwala. Mayi amene anafulula mowawo anali mmodzi mwa omwalira. Yankho silinachedwe kupezeka pakamwa pa anthu: wina wathira ndulu ya ng'ona m'mgolo. Mawuwa anatuluka m'mudzi n'kufika m'nyuzipepala za maiko akutali, ndipo apolisi anamanga munthu pomuganizira kuti ndiye anachita chipongwecho. Koma mowa wotsala ndi ufa umene anafululira zitatumizidwa ku malabotale a kunja, zotsatira zimene boma la Mozambique linalengeza mu Novembala chaka chomwecho zinanena zina. Ufa wa chimanga unali utanyowa ndi madzi osefukira, ndipo munaswana tizilombo totchedwa Burkholderia gladioli, timene timatulutsa chiphe cha bongkrekic acid. Panalibe mfiti, panalibe mdani, panalibe ndulu. Ndipo nkhani ya ndulu ya ng'onayo inali itayesedwa kale: katswiri wa za mankhwala wa ku Zimbabwe, N. Z. Nyazema, anaipima m'zaka za m'ma 1980 n'kupeza kuti siipha monga mmene anthu amanenera.

Chitima si kutali ndi ife. Tete ndi woyandikana naye wa Mwanza, Neno, Ntcheu ndi Dedza, ndipo mantha a ndulu ya ng'ona ali m'midzi yathu ya m'mbali mwa Shire ndi nyanja monga momwe alili m'mbali mwa Zambezi. Kusiyana kwake n'kwakuti imfa 75 za nthawi imodzi zinakopa akatswiri a maiko ena, pomwe imfa imodzi ya mwadzidzidzi m'mudzi wa kuno kwathu siikopa aliyense. Munthu amene dzulo amalima, lero wagwa n'kutsirizika. Adzukulu akukumba manda, pasiwa anthu akunong'onezana dzina la amene anamwa naye komaliza, kapena la agogo amene anakangana naye za malire a munda. Mu Januwale 2016, anthu anayi okalamba a banja limodzi anaphedwa mwankhanza ku Neno powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wa m'mudzimo. Funso lakuti "chapha munthuyu n'chiyani?" silikhala lopanda yankho. Boma likapanda kuliyankha ndi umboni, mphekesera imaliyankha, kapena munthu wamphamvu amene ali ndi chobisa amaliyankha m'njira yomukomera. N'chifukwa chake ndikunena kuti dziko lino likufunika ofesi yoima payokha yofufuza imfa, yokhazikitsidwa ndi lamulo, yosakhala pansi pa apolisi, yolipiridwa ndi msonkho wathu, yokhala ndi akatswiri opima mitembo ndi labotale yoyeza chiphe imene bwalo la milandu lingakhulupirire. Si chinthu cha manyado. Ndi mbali ya chilungamo imene tainyalanyaza kwa nthawi yaitali.

Papepala zinthu zikuoneka ngati zilipo. Tili ndi lamulo la Inquests Act, limene limapatsa majisitireti mphamvu zofufuza imfa zadzidzidzi, zachiwawa ndi zochitikira m'manja mwa boma. Koma aliyense wowerenga nkhani za apolisi amadziwa mmene zimathera. Wapolisi amatengera mtembo ku chipatala cha boma lomwelo, kapena amatenga clinical officer kupita naye kumudzi. Wachipatalayo amayang'ana thupi kunja, kawirikawiri osalitsegula, ndipo mawa lake mneneri wa polisi amauza atolankhani kuti zotsatira za kuchipatala zasonyeza kuti malemuyo anamwalira chifukwa chotaya magazi ambiri, chobanika kapena chovulala m'mutu. Mawu amenewa amamveka ngati yankho, koma amangonena mmene moyo unathera, osati chimene chinauthetsa. Munthu wopezeka atalendewera kumtengo "anabanika", inde. Koma anadzimangirira yekha, kapena anakolowekedwa atafa kale? Mtembo wovuulidwa m'madzi "unabanika". Koma unalowa m'madzimo ukupuma? Mayankho a mafunso otere ali mkati mwa khosi, m'mapapo, m'minofu ya pansi pa khungu, ndipo amafuna mpeni, maikulosikopu ndi munthu amene anaphunzira zaka zambiri kuwerenga zimene akuona. Sindikuloza chala ma clinical officer. Iwo anaphunzitsidwa kuchiza amoyo, ndipo ali ndi mzere wa odwala pakhomo. Tawasenzetsa ntchito ya akatswiri amene m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo ochepawo amapezeka kwambiri ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Zotsatira zake n'zakuti banja la ndalama kapena lodziwika limaitana katswiri n'kulipira, pomwe banja la ku Chitipa kapena ku Nsanje limalandira kapepala ka mizere iwiri ndi bokosi.

Kufunika kwa katswiri tinakuona ndi maso pa imfa ya Robert Chasowa. Wophunzira wa pa Polytechnic ameneyu anapezeka atafa pasukulupo pa 24 Sepitembala 2011, ndipo apolisi anafulumira kunena kuti wadzipha podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba, n'kuonetsa makalata amene anati anasiya. Dr Charles Dzamalala atapima thupi anapeza kuti mabala ake sakugwirizana ndi kugwa kuchokera pamwamba. Munthu wogwa chotero amathyoka miyendo, manja, msana kapena nthiti, chifukwa mphamvu ya kugwa imafalikira m'thupi lonse. Chasowa anali ndi mabala a m'mutu osonyeza kumenyedwa ndi chinthu. Komiti yofufuza imene Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa mu 2012, yotsogozedwa ndi Jaji Andrew Nyirenda, inatsimikiza kuti mnyamatayo anachita kuphedwa. Nkhani ya Buleya Lule ndi yomvekanso kwambiri. Iye anamangidwa mu Febuluwale 2019 pomuganizira kuti akukhudzidwa ndi kubedwa kwa mnyamata wa chialubino wa ku Dedza, ndipo anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission silinakhutire ndi zomwe zinanenedwa poyamba, ndipo linapempha kuti thupi lipimidwenso. Kupima kwachiwiriko kunapeza mabala a kumenyedwa ndi zizindikiro za kuwotchedwa ndi magetsi. Mu 2020 apolisi angapo anamangidwa, ndipo kumapeto kwa 2024 bwalo lalikulu linapeza 6 mwa iwo olakwa pa mlandu wakupha.

Nkhani ziwirizi anthu amazitchula monyadira, kuti onani, choonadi chimatuluka. Ine zimandiopsa. Choonadi chinatuluka chifukwa Chasowa anali wophunzira wodziwika amene anzake ndi atolankhani sanalole kuti nkhani yake izizire, komanso chifukwa Lule anafa nthawi imene dziko lonse linali tcheru ndi kuphedwa kwa anthu a chialubino. Panapezeka bungwe lofunsa, panapezeka dokotala wolimba mtima, mtembo unali usanawole. Chimodzi mwa zitatuzi chikanasowa, lero tikanakhala tikunena kuti wina anadzipha ndipo wina anangodwala m'chitokosi. Nanga mnyamata womangidwa pa mlandu woba mbuzi amene wafera pa polisi yaing'ono ya kumudzi, ndani angamufunsire? Dziko limene chilungamo chake chimadalira kulimba mtima kwa munthu mmodzi kapena awiri lilibe ndondomeko. Lili ndi mwayi chabe, ndipo akatswiriwo amakalamba, amadwala, amasamukira kunja, amaopsezedwa. Tisaiwalenso komwe tikuchokera. Mu Meyi 1983 boma linauza Amalawi kuti Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga afa pa ngozi ya galimoto ku Thambani m'boma la Mwanza. Panalibe ofesi yoima payokha imene inali ndi mphamvu yopima matupi awo n'kunena poyera zomwe yaona. Zinatengera kusintha kwa boma mu 1994 kuti komiti ya Jaji Mtegha ipeze kuti anthuwa anaphedwa ndi apolisi. Ufulu wa zipani zambiri unasintha zambiri, koma mafufuzidwe a imfa sanasinthe molingana ndi phunziro limenelo.

Kuima paokha kwa ofesiyi ndiye mtima wa nkhani yonse. Wapolisi sangatsogolere kufufuza imfa imene apolisi anzake akuganiziridwa. Dokotala wa boma sangamasuke kulemba zimene waona pomwe amene wabweretsa mtembo, amene waima pakhomo la nyumba yachisoni ndi amene adzanyamule lipoti ndi mbali imodzi yomweyo. South Africa inaphunzira izi mowawa. Steve Biko atamwalira pa 12 Sepitembala 1977, nduna ya za chilungamo Jimmy Kruger inayamba yanena kuti wafa chifukwa chodzikaniza chakudya, pomwe kupima thupi kunaonetsa kuvulala kwa ubongo. Ndipo madokotala a boma amene anamuona ali moyo m'manja mwa apolisi, Ivor Lang ndi Benjamin Tucker, analemba ndi kuchita zokomera omugwirawo. Mu 2006 dzikolo linachotsa nyumba zachisoni za milandu m'manja mwa apolisi n'kuzipereka ku unduna wa zaumoyo. Zambia nayo inakhazikitsa lamulo la National Forensic Act mu 2020, ndipo ili ndi ofesi ya boma ya katswiri wopima mitembo ya milandu. Bungwe la United Nations lili ndi ndondomeko yotchedwa Minnesota Protocol, imene inakonzedwanso mu 2016, ndipo mfundo yake ndi yomweyi: munthu akafera m'manja mwa boma, ofufuza asakhale pansi pa oganiziridwawo. Kuno tinachita bwino kutsegula ofesi ya Independent Complaints Commission yolandira madandaulo okhudza apolisi, koma ofesi yotere ikafika pa mtembo imafunika maso a katswiri amene sakudikira galimoto, mafuta kapena chilolezo kuchokera kwa omwe akufufuzidwa.

Mbali imene tili m'mbuyo kwambiri ndi yoyeza chiphe, pomwe chiphe chili paliponse m'moyo wathu wa ulimi. Tameki, amene dzina lake lenileni ndi aldicarb, amagulitsidwa m'timapepala pamsika ngati mankhwala a makoswe. M'nyumba zambiri muli mankhwala othira thonje, fodya ndi ndiwo zamasamba, komanso mapilisi osungira chimanga amene akanyowa amatulutsa mpweya wakupha. Kachasu wosakanizidwa ndi methanol amachititsa khungu ndi kupha. Chinangwa chowawa chosaviikidwa bwino chili ndi cyanide. Nyengo ya dzinja mabanja amadya bowa wolakwika, nyengo ya njala amakumba zikhawo za kutchire. Zonsezi zimapha m'njira zofanana ndi matenda wamba kapena zofanana zokhazokha. Tameki amatseka cholinesterase, chinthu cha m'thupi chimene chimachititsa kuti mitsempha ileke kutumiza uthenga ikamaliza ntchito. Munthu amachucha dovu ndi thukuta, timaso takuda timachepa, minofu imanjenjemera, mapapo amadzaza madzi, kenako kupuma kumaima. Koma ululu wa njoka ya mamba ulinso ndi zinthu zimene zimatseka cholinesterase yemweyo, ndipo wolumidwa nayo amachucha dovu n'kulephera kupuma. Thovu la kukamwa, limene kumudzi timaliona ngati umboni wakuti munthu wadyetsedwa, limatulukanso kwa womira m'madzi, wakhunyu ndi wodwala mtima. Diso lokha silingasiyanitse zimenezi, ngakhale la dokotala wodziwa.

Ndipo labotale nayo siichita zozizwitsa. Imayankha molingana ndi zomwe yapatsidwa. Mankhwala a mtundu wa tameki amasweka msanga m'thupi, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala, choncho magazi, mkodzo, za m'chifu, kachidutswa ka chiwindi ndi madzi a m'diso ziyenera kutengedwa mwachangu ndi kusungidwa pozizira. Mtembo ukabayidwa mankhwala oumitsa usanapimidwe, monga zimachitikira kawirikawiri pofuna kuti uyende ulendo wautali wopita kumudzi, magazi amawonongeka ndipo chiphe china chimasintha kapena kusowa. Mtembo ukayamba kuwola, tizilombo ta m'matumbo timapanga mowa m'thupi la munthu amene sanalawepo dontho, n'chifukwa chake akatswiri amayerekeza magazi ndi madzi a m'diso, amene sawonongeka msanga. Magazi otengedwa pafupi ndi mtima atha kuonetsa mankhwala ochuluka kuposa amene anali kuyenda m'thupi munthu ali moyo, motero amatenga a m'mtsempha wa pantchafu. Kuyeza koyamba kumangolozera kumene kuli vuto. Kuti bwalo lidalire zotsatira, pamafunika kutsimikiza ndi makina ena amene amazindikira chinthucho ndi kuchuluka kwake, pakuti kupezeka kwa mankhwala m'thupi si umboni wakuti ndiwo anapha. Pamwamba pa zonsezi, botolo lililonse liyenera kumatidwa, kulembedwa, ndipo aliyense wolilandira asaine, kuchokera pa tebulo lopimira mpaka m'bwalo. Botolo limene lagona masiku atatu m'kabati ya wapolisi, kapena layenda pa minibasi m'thumba la wachibale, loya aliyense wodziwa ntchito adzaligwetsa, ndipo adzakhala akulondola.

Apa ndi pamene otsutsa ali ndi mfundo yawo yamphamvu. Akuti akatswiri nawo amalakwitsa, amatsutsana, ndipo pepala la dokotala litha kumangitsa munthu wosalakwa mosavuta kuposa mphekesera, chifukwa limabwera litavala ulemu wa sayansi. N'zoona, ndipo tili ndi chitsanzo chathu. Mu Januwale 2020 mtsikana wina anamwalira ku Lilongwe. Amene anali naye anati walumidwa ndi njoka, lipoti la kupima thupi linati ndi tameki, anthu anamangidwa pa mlandu wakupha, akatswiri anatsutsana, ndipo chaka chomwecho bwalo lalikulu linamasula oimbidwa mlanduwo litapeza kuti umboni sunali wokwanira kuti ayankhe. Banja linatsala ndi chisoni chopanda mathero, omasulidwawo anatsala ndi mbiri yodetsedwa kale pa Facebook. Ngakhale maiko olemera akhumudwapo: ku Massachusetts, katswiri wa labotale ya boma Annie Dookhan anapezeka mu 2012 kuti amalemba zotsatira za mankhwala ozunguza bongo osayeza, ndipo mu 2017 milandu yoposa 20,000 inafafanizidwa. Koma phunziro la nkhanizi silakuti tisiye kuyeza. Chimene chinaulula Dookhan ndi kaundula, kuyezanso ndi anzake amene anaona kuti chiwerengero cha ntchito yake sichikumveka. Kulakwitsa kwa katswiri kumakonzeka ngati pali zithunzi, tizidutswa ta minofu tosungidwa, theka la magazi losiyidwa m'filiji kuti mbali inayo ikayezetse kwina, ndi katswiri wachiwiri wowerenga lipoti lisanatuluke. Kuopsa kwa mmene zilili pano n'kwakuti mlandu wonse umatsamira pa mawu a munthu mmodzi, popanda njira yowatsimikizira kapena kuwatsutsa. Ofesi imene ndikunenayi ikanateteza woimbidwa mlandu mofanana ndi womwalira.

Ena akuti dziko limene zipatala zake zimasowa panado ndi magolovesi lisawononge ndalama pa akufa. Mfundoyi ndimailemekeza, chifukwa aliyense amene wagonekapo m'bale wake pansi m'wodi amaimvetsa. Koma ikuganiza ngati kupima mtembo kumathandiza mtembowo, pomwe opindula ndi amoyo. Zotsatira za ku Chitima zinapereka chenjezo limene lingapulumutse anthu ku Nsanje, Chikwawa ndi Phalombe chaka chilichonse cha madzi osefukira: ufa wonyowa n'kuwola, umene waoneka wosayenera kuphikira nsima, usamafululidwire mowa kapena thobwa. Nthenda yachilendo imene inasautsa anthu a m'malire a Neno ndi Mozambique mu 2009, yochititsa ena kulephera kuyenda ndi kulankhula, inadziwika kuti ndi typhoid chifukwa cha labotale, ndipo pamenepo m'pamene chithandizo choyenera ndi kusamala madzi zinalunjika pa vuto lenileni. Kudziwa kuti anthu atatu a dera limodzi afa ndi methanol kumatseketsa malo amene akugulitsa mowawo wachinayi asanamwe. Kusadziwa nakonso tikulipira kale: chipukuta misozi kwa omangidwa popanda umboni ndi kwa mabanja a ofera m'chitokosi, makomiti ofufuza amene amakhala miyezi kufunafuna zimene dokotala akanapeza tsiku limodzi, anthu okhala zaka pa rimandi akudya chakudya cha boma podikira zotsatira zochokera kunja. Sitikuyambiranso pa chabe. Sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences, imene inachokera ku College of Medicine, ikuphunzitsa madokotala. Makina oyezera mankhwala otsalira m'mbewu zotumiza kunja ndi a mtundu womwewo ndi oyezera chiphe m'magazi. Chenjezo limodzi lokha tilitenge ku South Africa, kumene malabotale oyeza chiphe anadzaza ntchito mpaka mabanja kudikira zaka: kugula makina n'kosavuta, chovuta ndi ndalama za chaka ndi chaka zogulira zoyezera, kukonzera makinawo ndi kusunga antchito.

Chotsutsa china chimachokera pa mwambo ndi chipembedzo, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Anthu safuna kuti m'bale wawo ang'ambidwe. Asilamu amaika maliro mwachangu. Mabanja ambiri sangakwanitse kudyetsa anamfedwa ndi olira masiku owonjezera. Ndipo m'dziko limene manda a anthu a chialubino akhala akufukulidwa, mantha akuti ziwalo zichotsedwa si a umbuli. Komabe kunena kuti kufufuza imfa n'kwachilendo pa chikhalidwe chathu n'kusadziwa mbiri. Makolo athu sankalola imfa yokayikitsa kudutsa popanda kufunsa. Mwabvi, umene atsamunda analetsa ndi lamulo la ufiti la 1911, unali njira yawo yofunira yankho, ngakhale kuti khungwa la mtengowo limangoimitsa mtima wa aliyense amene sanasanze msanga, wolakwa ndi wosalakwa yemwe. Anyakyusa a kumpoto kwa nyanja ankatsegula mimba ya womwalira kuti aone chomupha, monga analembera Monica Wilson. Funsolo ndi lathu. Chasintha ndi njira yoliyankhira. Ndipo Amalawi aonetsa kale kuti akafotokozeredwa mwaulemu amavomera. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, makolo ambiri analola kuti matupi a ana awo apimidwe pa kafukufuku wa malungo a mu ubongo amene Terrie Taylor ndi anzake anachita, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2004 zinaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amene madokotala ankati wafa ndi malungowo anali atafa ndi zina. Ngati izi zinachitika kwa ana amene anafera m'wodi, akuyang'aniridwa ndi akatswiri, nanga amene wafera panjira usiku? Chofunika ndi kukonza ntchitoyo kuti ilemekeze olira: kupima kuchitike mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri, ngakhale Loweruka ndi Lamlungu, banja likhale ndi ufulu woika dokotala kapena mboni yawo m'chipindamo, kachidutswa kalikonse kotengedwa kalembedwe ndipo banja lipatsidwe pepalalo, thupi lisokedwe ndi kusambitsidwa bwino, ndipo kunyamula mtembo kupita ndi kubwera kukhale kwa boma.

Pali otopa amene amati zonsezi n'zachabe chifukwa ngakhale choonadi chidziwike, amphamvu salangidwa. Amaloza mlandu wa Chasowa, umene anthu anamangidwa mu 2012 koma unangoti zii kwa zaka, ndi mlandu wa ku Mwanza, umene oimbidwa anamasulidwa mu Disembala 1995. Kukhumudwa kwawo n'komveka. Koma lipoti lolembedwa bwino limakhala ndi moyo wautali kuposa boma limene likulibisa. Ahmed Timol anafa pa 27 Okutobala 1971 atagwa kuchokera pa nsanjika ya nambala 10 ya polisi ya John Vorster Square ku Johannesburg, ndipo majisitireti wa nthawiyo anagamula kuti anadziponya yekha. Patatha zaka 46, mu 2017, akatswiri anawerenganso lipoti la kupima thupi la 1971 n'kuonetsa kuti mabala ambiri olembedwamo sanali a kugwa, anali a kumenyedwa asanagwe, ena aakulu moti sakanatha kuyenda yekha mpaka pazenera. Jaji Billy Mothle anagamula kuti Timol anaphedwa. Mboni zambiri zinali zitamwalira, koma zimene madokotala anayeza ndi kulemba zinalipo. Mlandu wa Lule unatenga zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, maboma anasintha pakati, koma unafika kumapeto chifukwa umboni wa pathupi unatengedwa nthawi yake isanathe. Mlandu wakupha ulibe malire a nthawi. Chimene chili ndi malire ndi mtembo.

Nyumba ya Malamulo ikonzenso lamulo lofufuzira imfa kuti ligwirizane ndi nthawi ino. Linene momveka imfa zimene siziyenera kuikidwa popanda chilolezo cha ofesiyi: ya m'chitokosi ndi m'ndende, ya kuwomberedwa ndi wachitetezo, ya chiwawa, ya mwana wofa mosadziwika bwino, ya anthu angapo odya kapena kumwa pamodzi, ndi iliyonse imene mudzi wayamba kuloza munthu chala. Mkulu wa ofesiyo asankhidwe poyera, asachotsedwe mwachisawawa, ndipo azipereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo, osati kwa mkulu wa apolisi. Akatswiri okwanira boma lililonse sitikhala nawo posachedwa, choncho ma clinical officer osankhidwa aphunzitsidwe mwapadera kujambula mabala, kutenga ndi kumata zoyeza, ndi kuzindikira mtembo umene uyenera kutumizidwa ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu, ndipo malipoti awo aziwerengedwa ndi katswiri asanapite ku bwalo. Mafumu, amene ndiwo amayamba kumva za maliro, apatsidwe nambala yoimba ndi udindo woimitsa kaye mwambo pamene pali chikayiko. Ngati thumba la boma silingathe zonse chaka chimodzi, poyambira pakhale pa imfa za m'manja mwa boma lenilenilo, chifukwa n'zowerengeka, malo ake ndi odziwika, ndipo kulamula kuti aliyense wofera m'chitokosi kapena m'ndende apimidwe ndi katswiri wosakhala wa polisi, banja lili pomwepo, n'kotheka mu bajeti ikubwerayi.